Mtengo umene ndinakhoma pa mtengo

Cholembera chimagwera mphunzitsi

Pa dooko lathu, kumpoto kwa Senga Bay m'boma la Salima, pali mkuyu waukulu umene mthunzi wake ndi bwalo la milandu, msika wa zigumu komanso malo osokerapo maukonde. Pa thunthu lake pali msomali umene ndinakhoma ndi manja anga mu Julaye 2024, ndipo ndikamadutsa pamenepo popita ku sukulu maso anga amaupeza okha ngakhale ndisakufuna. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo aliyense amene anakhalapo kumudzi akudziwa kuti pa msonkhano uliwonse cholembera chimagwera mphunzitsi, kaya nkhani ndi ya maliro, ya mjigo kapena ya malire a munda. Tsiku limenelo nkhani inali ya usipa.

Chaka chimenecho simunachiiwale. Mvula inadula pakati pa dzinja, mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi, ndipo kwacha inali itatsitsidwa kale mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamwamba pa zonsezo mwera unaomba masabata angapo osapuma, maboti ambiri anagona pamchenga, ndipo chigoba cha usipa chimene mu Meyi tinkagula pa K5,000 chinafika pa K12,000. Usipa wochepa umene unkatuluka unkathera m'madengu a ogula ochokera ku Lilongwe, amene ankafika usiku ndi galimoto zawo n'kudikirira pamchenga atafunda zitenje.

Pa msonkhano umene amfumu anaitanitsa, mayi wina wamasiye, woyandikana nane nyumba, anaimirira mothandizidwa ndi ndodo nati: "Amfumu, ife tinabadwira pano, amuna athu ena anatsalira m'madzi omwewa, koma lero ana athu akudyera nsima mchere pamene usipa ukukwera galimoto ife tikuona." Palibe amene akanatsutsa mawu amenewo. Tinagwirizana kuti pa dooko lathu chigoba chisapitirire K6,000, ndipo wophwanya lamuloli alipe mbuzi. Ndinatenga pepala lalikulu la kusukulu, ndinalemba zilembo zooneka patali, ndipo m'munsi mwake ndinawonjezera mawu anga amene palibe anandituma, akuti dyera silimanga mudzi. Amayi analuluta pamene ndinkakhoma msomali. Chimene sindinachione, kapena chimene sindinafune kuchiona, n'chakuti msonkhanowo unachitika m'mawa, nthawi imene anthu opha usipa amakhala ali m'tulo atachezera panyanja usiku wonse.

Masiku atatu

Tsiku loyamba kunabwera maboti anayi, ndipo popeza nduna ya amfumu inaima pompo, asodzi anagulitsa pa mtengo wa papepala. Koma anthu amene dzulo lake ankagula kambale kamodzi ka ndiwo tsopano ankafuna zigoba ziwiri kapena zitatu, poti anaona kuti akayanika usipawo akagulitsa ndi phindu ku Kamuzu Road. Anthu analowa m'madzi mpaka m'chiuno kukachingamira maboti. Amene anapeza usipa anali anyamata amphamvu, akazi ndi alamu a asodziwo, ndi anthu amene eni maboti anali nawo ngongole. Mayi wamasiye uja, ndi ndodo yake, anabwerera ndi beseni louma.

Tsiku lachiwiri mtengo unali womwewo, koma chigoba chinasintha. Chimene kale chinkadzazidwa mpaka kupanga kaphiri chinayamba kuseteledwa ndi dzanja, zigoba zina zinaoneka kuti pansi pake pakankhidwira m'kati, ndipo amene ankafuna kupimiridwa msanga ankapereka mobisa kandalama kena kamene ankati ndi ka sopo. Tsiku lachitatu kunabwera maboti awiri okha, ndipo galimoto za ku Lilongwe sizinaoneke.

Miyala ya malume

M'bandakucha wa tsiku lachinayi mkazi wanga anandipatsa beseni nati, "Lero pitani nokha, abambo, si ndinu munalemba?" Ndinatsikira kunyanja kudakali kamdima, mphepo ikulowa m'malaya, ndipo ndinaima pamchenga pamodzi ndi amayi ngati makumi awiri amene sanandilankhule. Kutali pamadzi nyali za asodzi zinali mumzere ngati tauni yoyandama. Kum'mawa kutayamba kufiira, nyalizo zinazima imodziimodzi, tinamva injini zikulira, ndipo tonse tinasendera kufupi ndi madzi monga timachitira masiku onse. Koma phokoso la injini, m'malo moti likule, linayamba kuchepa. Maboti onse analoza kum'mwera, ndipo tinawaperekeza ndi maso mpaka anabisika kuseri kwa gomo.

Boti limodzi lokha linali pamchenga, ndipo silinalowe m'madzi usiku umenewo. Linali la malume anga, mlongo wawo wa amayi, munthu amene ndalama zake za usipa zinandilipirira gawo la fizi ya ku sekondale. Anakhala pansi pa mkuyu, atafulatira pepala langa, chilimira, khoka lophera usipa, ali nacho pamiyendo, akusoka pamene panang'ambika. Ndinawapatsa moni, ndipo anayankha osadzutsa mutu, kenaka anati, "Khalani pansi, aphunzitsi." Malume amanditcha aphunzitsi pokhapokha pamene ndalakwa.

Ndinawafunsa ngati anyanyala. Anati kunyanyala ndi kwa munthu amene ali ndi chimanga m'nyumba, iwo angowerengera basi. Anasalaza mchenga ndi chikhatho, natola timiyala, nayamba kutiika kamodzikamodzi. Mwala woyamba unali petulo: malita 20 a usiku umodzi pa K2,530 pa lita, imene inali mtengo wa pa pampu nthawi imeneyo, akukwana K50,600 boti lisanakhudze madzi. Mwala wachiwiri unali oyilo wa injini, wachitatu kutchajitsa mabatire a nyali, wachinayi ufa ndi shuga wa anyamata. Kenaka anajambula mzere, naika mwala umodzi mbali inayo. "Usiku wa mwera ngati uno, Mulungu akatikomera mtima, timapha zigoba khumi. Inu ndinu a masamu, zigoba khumi pa mtengo wanu uja ndi zingati?" Ndinati K60,000. Anati ndichotsere miyala inayi ija, chotsalacho ndichigawe pakati monga timachitira pa dooko lathu, theka la mwini zipangizo, theka linalo ndiligawire anthu khumi amene akoka khoka usiku wonse pa mafunde otha kugubuduza boti. Ndinawerengera mumtima, ndipo ndinapeza kuti mnyamata aliyense sakanakwanitsa kugula ngakhale sopo wochapira.

"Pepala lanu ndaliwerenga," anatero, "ndipo zilembo zake n'zokongola. Koma mwaiwala mizere iwiri. Simunalembe kuti petulo atsike, ndipo mwera simunaulembere kuti uleke."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati anthu akuvutika, ndipo K12,000 ndi ndalama imene mayi wamasiye sangaipeze. Malume anavomera ndi mutu, nati iwonso amamudziwa mayiyo, ndipo mwamuna wake anakokapo naye chilimira. Kenaka anaika singano pansi nandiyang'ana koyamba. Anandikumbutsa za miyezi ya mvula, pamene usipa umatuluka wochuluka mpaka maboti kulemedwa, koma kumwamba kuli mitambo, mathandala ali chinyontho, ogula akukana chifukwa alibe poyanika, ndipo asodzi amagulitsa chigoba pa mtengo wa zitumbuwa kapena kukwirira usipa wowola mumchenga dzuwa lisanafike pamutu. "Tsiku limenelo, mwana wa mlongo wanga, ndani anaitanitsa msonkhano? Ndani anakhoma pepala loti chigoba chisatsike? Munabwera ndi mabeseni awiriawiri, mukuseka, mukuti nyanja yakumbuka amphawi."

Ndinalibe choyankha, chifukwa ine ndinali m'modzi mwa oseka aja. Anatolanso singano yawo, nandiuza mosakweza mawu kuti anzawo apita kukakocheza pa dooko lina kumene mitengo ilibe mapepala, ndipo ogula a ku Lilongwe anauzidwa pa foni usiku womwewo. Ndinayang'ana pamchenga ndipo ndinaona zimene zinachoka pamodzi ndi usipa: amayi osenza madengu analibe ganyu, ofutsa sanakoleze moto, mathandala anali mbee, wogulitsa zigumu anabwerera ndi beseni lodzaza, ndipo anyamata a kabaza anali atagona pa njinga zawo.

Zimene mtengo umanena

M'buku lina la zachuma limene ndinawerenga ndili ku sekondale munali chithunzi cha mizere iwiri yopingasana. Mzere umodzi unali wa ogula, wosonyeza kuti chinthu chikakwera mtengo anthu ofuna kuchigula amachepa. Winawo unali wa ogulitsa, wosonyeza kuti mtengo ukakwera anthu ololera kuvutikira chinthucho kuti achibweretse pamsika amachuluka. Ndipo pamene mizereyo yakumana ndi pamene mtengo umakhazikika. Ndinaloweza, ndinakhoza mayeso, koma sindinaganizepo kuti chithunzicho chikunena za dooko limene ndinakulirapo. Zinatengera miyala ya munthu amene analekezera sitandade 4 kuti ndichione.

Panyanja mizere imeneyi imasuntha usiku uliwonse, ndipo chimene chimaisuntha kwambiri ndi mwezi. Usipa umatsata kuwala. Msodzi wosaka nsomba, amene timamutcha siginala, amapita ndi bwato lake la nyali, amadikira kuti nsomba zisonkhane pansi pa kuwalako, kenaka amaitana anzake kuti azungulize chilimira. Mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imawala, usipa ulibe chifukwa chothamangira nyali, ndipo asodzi ambiri amapuma. M'masiku amenewo mtengo umakwera, mdima ukabwerera umatsikanso, chonsecho msodzi wa pa mwezi wowala ndi yemweyo wa pa mdima, ndipo mtima wake sunasinthe. Ngati dyera likanakhala chifukwa cha kukwera kwa mtengo, tikanayenera kunena kuti dyeralo limakula ndi kuchepa motsata mwezi. Aliyense wa kunyanja amadziwa zimenezi, ndipo mkazi wanga amagula usipa wambiri pa mdima n'kuuyanika osafuna buku. Koma pamene njala yalowa m'nyumba, n'kosavuta kukwiyira munthu amene ali patsogolo pako kusiyana ndi kukwiyira mphepo.

Mbali ya ogula nayo siima malo amodzi. Kumapeto kwa mwezi, anthu a ku Lilongwe akalandira malipiro, ogula amabwera ndi ndalama zambiri ndipo amalimbirana. Nyama ndi nkhuku zikadula m'tauni, mabanja amene kale ankanyoza usipa amautembenukira, ndipo kufuna kwawo kumayenda pa msewu wa M14 mpaka kudzafika pa mchenga wathu. Mu Julaye uja zinthu ziwirizi zinakumana: nsomba zinachepa chifukwa cha mwera, ofuna nsomba anachuluka chifukwa ndiwo zina zonse zinali zitadula.

Chimene ndinamvetsa mochedwa n'chakuti mtengo wokwera, ngakhale umapweteka, umanyamula mauthenga awiri. Kwa wogula umati chinthuchi chachepa, gula pang'ono, sabata ino dyerako mfutso kapena nyemba. Kwa msodzi umati ngakhale kunja kuli mafunde, ukapita ukabweza ndalama ya petulo ndipo udzatsala ndi kanthu. Pepala langa linanamiza onse awiri. Ogula linawauza kuti usipa ulipo wambiri, bwerani ndi mabeseni akuluakulu, pamene asodzi linawauza kuti gonani kapena pitani kwina. Kuchepa kwa nsomba sikunathe, kunangovala malaya ena: m'malo mwa ndalama, anthu anayamba kulipira ndi zigongono, ndi chibale, ndi ka sopo kaja, ndipo pa malipiro a mtundu umenewo mayi wa ndodo ndi wosauka kuposa mmene analili pa ndalama.

Miyezi ingapo pambuyo pake dziko lonse linaona zofananazo pa malo omwetsera mafuta. Mtengo wa pa pampu unali womwewo wa K2,530, koma galimoto zinkagona pa mizere, pamene m'mbali mwa msewu anyamata a zigubu ankagulitsa petulo yemweyo pa mtengo woposa pamenepo kwambiri. Ndinkayang'ana mizere imeneyo n'kumaona amayi aja ali m'madzi mpaka m'chiuno. Ndipo pepala lingathenso kulephera potsekereza mtengo kuti usatsike. Chaka chilichonse pa nthawi yokolola Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mlimi amene mwana wake wadwala mu Meyi amagulitsa chimanga kwa venda amene ali ndi sikelo pafupi, pa mtengo umene vendayo wanena, chifukwa chilengezo sichitulutsa ndalama m'thumba. Mtengo woterewu umagwira ntchito pokhapokha kumbuyo kwake kutaima wogula wokhala ndi ndalama m'manja, monga ankayembekezera anthu kwa ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo inali wogula wamkulu wa mbewu za alimi ang'onoang'ono mpaka amalonda ena ataloledwa kugula nawo mu 1987.

Amayi aja sanalakwe

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti ndinachoka pansi pa mkuyu nditatembenuka mtima n'kuyamba kulambira msika. Msika umamva ndalama, njala sumaimva. Chigoba chimapita kwa munthu wa ku Area 25 osati chifukwa ana ake ali ndi njala kuposa a mayi wamasiye uja, koma chifukwa iye ali ndi malipiro a pamwezi. Kunena kuti mtengo wa K12,000 unali wolondola pa masamu si kunena kuti unali wachilungamo, ndipo dandaulo la amayi linali loona kuyambira mawu oyamba mpaka otsiriza.

Ndiponso pa dooko pali zinthu zimene msika pawokha sukonza. Pali macheucheu, anthu amene amaima pakati pa msodzi ndi wogula, amene nthawi zina amapangana m'mawa kuti asapikisane. Pali zigoba zotenthedwa pansi. Pali asodzi omangidwa ndi ngongole ya petulo amene sangagulitse kwa wina koma kwa amene anawakongoza. Palinso nkhani imene aliyense wa kunyanja amaidziwa koma sitiinena pa msonkhano, ya amayi amene amakakamizika kupereka matupi awo kuti apatsidwe mwayi wogula nsomba. Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'kuzindikira kuti pepala langa likanakhalitsa likanakulitsa vuto limeneli, chifukwa nsomba ikasiya kupita kwa wolipira bwino imayamba kupita kwa amene msodzi wamukonda.

Kulakwa kwathu kunali pa mankhwala. Matenda anali akuti m'dzanja la mayi wamasiye mulibe ndalama, ndipo ife tinafuna kumuthandiza ndi ndalama za malume popanda kuwafunsa, kuiwala kuti malume ali ndi injini ndipo nyanja ilibe mpanda. Pulogalamu ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, inatsata njira ina: imaika ndalama m'dzanja la wosauka n'kusiya mtengo kuti upitirize kunena zoona. Ndalama zake n'zochepa ndipo sizifikira onse oyenera, koma sizithamangitsa maboti.

Lamulo limene malume amamvera

Patapita masiku ndinabwerera kwa malume ndi funso limene linkandivuta. Munthu yemweyu amene ananyoza pepala langa amapita ku chilumba cha Mbenji pafupifupi chaka chilichonse, ndipo kumeneko amamvera malamulo okhwima kuposa anga popanda kung'ung'udza. Chilumbachi chili m'boma lathu lomwe lino, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amachitseka pa nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, n'kuchitsegula mu Epulo ndi mwambo pa dooko la Chikombe. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo akazi saloledwa kufikapo, lamulo limene ine ndili nalo maganizo anga koma si nkhani ya lero. Utaka wa ku Mbenji ndi wodziwika kukula kwake, ndipo asodzi amachokera kutali kudzaupha.

Ndinawafunsa chifukwa chimene amalolera kukhala miyezi inayi osaponya khoka kumeneko. Anati, "Ku Mbenji ndikasiya nsomba mu Januwale ndimakaipeza mu Epulo itakula, chifukwa palibe amene akukaitenga ine ndili kumunda. Kuno ndikasiya nsomba lero, mawa ili m'boti la mnzanga."

M'mawu amenewo muli vuto lonse la nyanja. Munda uli ndi mwini, ndipo mwini munda sadya mbewu yake chifukwa akudziwa kuti chimene wasunga n'chake. Nsomba ya m'madzi ilibe mwini mpaka italowa m'khoka, motero kwa msodzi aliyense payekha nzeru ndi ija ya makolo yoti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Aliyense akatsata nzeru imeneyo, onse pamodzi amatha nyanja, ndipo apa mtengo wokwera suthandiza, umangoonjezera moto, chifukwa chambo chikachepa chimadula, chikadula anthu ochisaka amachuluka. Ku nyanja ya Malombe chambo chinatha motere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo phunziro la kumeneko ndi limodzi mwa zimene zinachititsa kuti lamulo la zausodzi la mu 1997 lipereke malo kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja pa kasamalidwe ka nsomba. Masikito amene timalandira mwaulere kuti atiteteze ku malungo amathera m'madzi kukokola tiana ta nsomba pa chifukwa chomwecho. Bambo amene akusoka masikito kukhala khoka sakudana ndi ana ake. Waona kuti udzudzu ndi wa usiku ndipo mwina sudwalitsa, pamene njala ndi ya lero masana ndipo siphonya.

Boma nalo limatseka usodzi wa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, koma nyanja ndi yaitali, oyang'anira ndi ochepa, ndipo msodzi amene wamvera amaona mnzake wosamvera akugulitsa pa mtengo wabwino chifukwa choti iye wamvera. Ku Mbenji zinthu n'zosiyana chifukwa malowo ndi aang'ono, boti lililonse limaoneka, wolakwa amathamangitsidwa anzake akuona, ndipo miyezi yotseka ndi yomweyo imene anthu amafunika kumunda. Koposa zonse, amene amasenza lamulolo ndi omwewo amene amadya phindu lake mu Epulo. Lamulo la ku Mbenji silikhudza mtengo n'komwe. Limasamala kuti chaka chamawa kukhale chogulitsa. Langa linalimbana ndi nambala n'kusiya nsomba, linapangidwa eni ake ali m'tulo, ndipo linapatsa munthu womvera chilango pamene wothawa linamupatsa mphotho.

Msomali

Pepala langa linakhala masiku asanu ndi anayi. Palibe amene analichotsa ndipo palibe amene analipa mbuzi. Mwera unaling'amba pang'onopang'ono mpaka panatsala kachidutswa kozungulira msomali. Amfumu anaitanitsa msonkhano wina, ulendo uno madzulo, asodzi atadzuka ndi kusamba. Unali msonkhano wautali ndi waphokoso, ndipo malume analankhula kawiri, ine osalankhula n'kamodzi komwe ngakhale cholembera chinandigweranso.

Za mtengo tinazisiya. Tinagwirizana kuti pa dooko pakhale chigoba chimodzi choyezera, chogulidwa chatsopano ndi ndalama za tonse, chimene wogula aliyense wokayikira angathe kuyezera usipa wake. Tinagwirizananso kudzutsa mwambo wakale umene unali utayamba kufa, woti boti lililonse likakocheza ndi nsomba lichotse kaye za ndiwo za okalamba ndi amasiye lisanayambe malonda. Malume anang'ung'udza, koma anati chigoba chimodzi chodziwika angathe kuchiika pa miyala yawo ngati mwala wachisanu, kusiyana ndi pepala lowalanda theka la usiku wonse. Maboti anabwerera sabata yomweyo, galimoto za ku Lilongwe nazo zinabwerera, ndipo mtengo unakhalabe wokwera mpaka mwera utaleka mu Ogasiti, pamene unatsika wokha popanda msonkhano. Si maboti onse amene amachotsa za ndiwo zija. Ena amakocheza kumapeto kwa dooko kudakali mdima, ndipo masiku ena mayi wamasiye uja amabwererabe ndi beseni louma, ngakhale kuti masiku ambiri sabwerera chimanjamanja.

Chigoba choyezera chija anachipezera malo pa msomali wanga, poti unali kale pamenepo ndipo unakhomedwa bwino. Chimapachikidwa ndi kachingwe ka ukonde, ndipo amayi amachitsitsa akakangana ndi wopima. Sabata yatha, pobwera ku sukulu, ndinachitsitsa kuti ndichotse mchenga umene unali m'kati, ndipo nditachitembenuza ndinaona kuti pansi pake pali kachipsera kakuda ka moto, ndipo payamba kulowa m'kati pafupifupi chala chimodzi.